Wa ku famase akati ayi, dotolo azimva

Ku Tomah, tauni yaing'ono m'chigawo cha Wisconsin ku America, kuli chipatala cha asilikali opuma chomwe odwala ake eni anachipatsa dzina loti Candy Land, kutanthauza dziko la maswiti. Maswiti ake anali mapiritsi opha ululu a m'gulu la morphine, ndipo ankaperekedwa mowolowa manja ngati mtedza wa pamaliro. Mu August 2014, m'chipinda cha odwala maganizo pachipatalapo munamwalira Jason Simcakoski, bambo wa zaka 35 yemwe kale anali msilikali wa gulu la Marines. Sanagule kanthu kwa ogulitsa mankhwala mobisa. Anali pa mitundu ya mankhwala yoposa khumi, yonse yochita kumulembera achipatala. Ofufuza a boma anapeza kuti atatu mwa mankhwalawo, buprenorphine, diazepam ndi tramadol, ataphatikizana m'thupi anafooketsa kapumidwe kake mpaka mpweya unatha.

Chimene chimandisautsa pa nkhaniyi n'choti pachipatalapo panali anthu amene anaoneratu kumene zinthu zinkalowera, zaka zingapo Jason asanafe. Ogwira ntchito ku famase ankadandaula ndi milingo imene ankauzidwa kuti apereke, ndipo mmodzi wa iwo anadzanena poyera kuti ntchito inamuthera atakana kupereka mankhwala ena. Katswiri wa za maganizo, Christopher Kirkpatrick, anafunsa chifukwa chimene odwala ake ankapatsidwira mankhwala ambiri chotero. Anachotsedwa ntchito mu 2009, ndipo tsiku lomwelo anadzipha. Lero ku America kuli malamulo awiri otchedwa maina a anthu awiriwa: la 2016 la dzina la Simcakoski, lokhwimitsa kaperekedwe ka mankhwala opha ululu m'zipatala za asilikali opuma, ndi la 2017 la dzina la Kirkpatrick, loteteza wantchito wa boma woulula zolakwika. Oona analipo ku Tomah. Koma liwu la munthu amene sanali dotolo linalibe polowera.

Ndayambira kumeneko chifukwa ndikufuna kuikira kumbuyo maphunziro ena ake amene, ukangowamva koyamba, amaoneka ngati za anthu okhuta. Unduna woona za asilikali opuma ku America, Department of Veterans Affairs, umene onse amangouti VA, uli ndi zipatala zikuluzikulu pafupifupi 170, zing'onozing'ono zoposa 1,000, ndi anthu olembetsa pafupifupi 9 miliyoni. Kuyambira 1946, pamene General Omar Bradley ankautsogolera, zipatalazi zinalumikizidwa ndi masukulu a udotolo, moti masiku ano madotolo pafupifupi 70 mwa 100 alionse ku America anaphunzirirako pa chipatala cha VA. Mwa maphunziro ake apamwamba muli ena a zaka ziwiri a kachizidwe ka uchidakwa ndi chizolowezi cha mankhwala ozunguza bongo. Salandira ophunzira ongoyamba kumene. Amatenga anthu amene anamaliza kale maphunziro a ntchito yawo: dotolo, namwino, katswiri wa za maganizo, wa ku famase, wa zachisamaliro cha anthu. Amawaika m'gulu limodzi. Nthawi ina amaona odwala, koma nthawi yambiri amachita kafukufuku ndi kuphunzitsa, aliyense ali ndi mkulu womuyang'anira.

Maganizo anga ndi akuti njira imeneyi njolondola, ndipo mbali zake ziwiri zimene anthu amaziona ngati zongowonjezera, kusakaniza ntchito zosiyanasiyana ndi kukakamiza wochiza kuti azichitanso kafukufuku, ndizo mtima wake. Vuto la mowa ndi mankhwala limagwera pakati pa maofesi. Dotolo wa ululu amaona msana. Wa maganizo amamva za maloto oipa. Wa m'mimba amaona chiwindi chatupa, wa zachisamaliro amadziwa kuti munthuyu mkazi anamuthawa ndipo akugona m'galimoto. Aliyense amagwira bwino gawo lake, mwini thupi n'kufera pakati. Wina anganene kuti ingowaitanani ku msonkhano Lolemba lililonse m'mawa. Amene anakhalapo pa misonkhano ya kuchipatala akudziwa mmene imayendera: wamkulu amayankhula, ena n'kumagwedeza mitu, zodandaula n'kukazinenera m'khonde. Koma anthu amene akhala zaka ziwiri pa benchi imodzi, wa ku famase ataona dotolo akusochera m'masamu a kafukufuku, dotolo ataona namwino akukhazika mtima pansi wodwala amene iye anamulephera, amatuluka atasiya kuopana. Chimenechi ndicho chinasowa ku Tomah, ndipo sichiphunzitsika pa semina ya masiku atatu ku hotela.

Kuti nkhani ya msilikali ndi mankhwala si ya madotolo okha, America inaphunzira kalekale, kungoti imaiwalaiwala. Mu 1971 aphungu awiri a nyumba ya malamulo, Robert Steele ndi Morgan Murphy, atabwerako ku Vietnam, komwe America inkamenya nkhondo, ananena kuti asilikali 10 mpaka 15 mwa 100 alionse kumeneko anali atakodwa ndi heroin. Dziko linagwidwa mantha, poganiza kuti anyamata zikwizikwi odziwa mfuti abwera ndi chibaba chosachizika. Mu June chaka chomwecho Pulezidenti Richard Nixon anatcha mankhwala ozunguza bongo mdani woyamba wa dziko, n'kuika dotolo wa maganizo Jerome Jaffe kuti atsogolere ntchito yolimbana nawo. Panakhazikitsidwa lamulo loti msilikali asanakwere ndege yobwerera kwawo ayambe wapereka mkodzo, ndipo ukapezeka ndi heroin atsalire kaye mpaka thupi liyere. Ntchitoyo inatchedwa Operation Golden Flow, dzina lachipongwe lonena za mtundu wa mkodzowo.

Jaffe anapempha mayi wina, Lee Robins wa ku Washington University mumzinda wa St. Louis, kuti atsatire anyamatawa akafika kwawo. Robins sanali dotolo. Anaphunzira za chikhalidwe cha anthu, ndipo luso lake linali kufunsa mafunso ndi kuwerenga mayankho. Anafunafuna amuna pafupifupi 900 mwa amene anachoka ku Vietnam mu September 1971, n'kucheza nawo, kenako n'kudzawapezanso patapita zaka. Anapeza kuti zinthu ku Vietnam zinali zoipa kuposa mmene aphungu aja ananenera: pafupifupi 20 mwa 100 alionse anavomera kuti anakodwa. Koma mwa okodwawo, 5 okha mwa 100 ndi amene anabwerera m'chizolowezicho m'chaka choyamba ali kwawo, ndipo pa zaka zitatu anali 12 mwa 100. Chodabwitsa china n'chakuti pafupifupi theka la iwo analawanso heroin atafika ku America, koma ambiri sanakodwenso.

Ife timati madzi saiwala khwawa, ndipo madotolo a nthawi imeneyo ankakhulupirira chimodzimodzi, kuti wolawa heroin wapita basi. Chikhulupirirocho chinachokera kwa odwala amene iwo ankawaona, omwe ankatuluka m'chipatala n'kubwerera ku msewu womwewo, kwa anzawo omwewo ndi ulova womwewo. Ambiri sanafune kumukhulupirira Robins. Chimene iye anaonetsa n'choti madzi amatsata khwawa ngati khwawalo lilipo. Ku Vietnam heroin anali wotchipa ndi wamphamvu, mnzako wa m'tenti ankasuta, mantha anali a tsiku ndi tsiku ndipo kusungulumwa kunalibe malire. Kunyumba zonsezo kunalibe. Ndiye ngati malo amene munthu akukhala, anthu amene akudya nawo ndi ntchito imene akudzukira zili mbali ya matendawa, wa zachisamaliro amene akumufunira nyumba akuchiza, mofanana ndi amene akulemba mankhwala.

Pano ndichenjeze, chifukwa nkhani ya Robins ena amaigwiritsa ntchito molakwa ponena kuti chizolowezi n'chongofuna, munthu atafuna angosiya. Aja 12 mwa 100 analipo, ndipo anali anthu. Komanso fentanyl wa masiku ano, mankhwala a gulu la morphine amphamvu kwambiri kuposa heroin, sapereka mpata wolawa n'kubwerera, monga ankachitira ena a m'ma 1970. Mu 2021 ndi mu 2022, chaka chilichonse anthu oposa 100,000 ku America anafa chifukwa chopyola muyeso wa mankhwala, ambiri mwa iwo ndi fentanyl. Kwa munthu wokodwa ndi mankhwala a gulu limeneli, methadone ndi buprenorphine amachepetsa imfa kwambiri, ndipo uphungu wokha sungalowe m'malo mwake. Onani kuti buprenorphine yemweyo anali m'gulu la mankhwala amene anapha Jason Simcakoski. Amene amapulumutsa uyu amapha uyo, malinga ndi zimene wamwera limodzi. Munthu amene ntchito yake yonse ndi kudziwa zimenezi ndi wa ku famase.

Palinso nthenda imene imayenda ndi asilikali ambiri obwera ku nkhondo, ya PTSD, pamene zoopsa zimene munthu anaona zimakana kukhala zakale. Amazilota, amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, sakhala mofulatira khomo, tulo sabwera. Ambiri amapeza kuti botolo limabweretsa tulo msanga kuposa china chilichonse. A VA eni amati pafupifupi mmodzi mwa asilikali opuma atatu alionse obwera kudzafuna thandizo pa mowa kapena mankhwala amakhalanso ndi PTSD. Kwa zaka zambiri munthu wotere ankati akapita kwa a PTSD, ankamuuza kuti akayambe wasiya mowa, chifukwa kukumba zakale ali chidakwa kungamugwetse. Akapita kwa a mowa n'kusiya milungu iwiri, maloto aja ankabwera ndi ukali, iye n'kubwerera ku botolo, n'kulembedwa kuti alibe chidwi chochira. Mapanga awiri avumbwitsa. Panafunika ofufuza odziwa mbali zonse ziwiri kuti ayese kuchiza zonse nthawi imodzi, ndipo anapeza kuti mantha aja analibe maziko okwanira: munthu angathe kuthandizidwa pa zoopsa zimene anaona ngakhale asanasiyiretu kumwa, ndipo kumwako sikuwonjezeka chifukwa cha zimenezo. Malangizo a VA tsopano amati vuto la mowa kapena mankhwala lisatsekereze munthu ku chithandizo cha PTSD. Funso limeneli silikanabwera m'mutu mwa katswiri amene moyo wake wonse wakhala m'phanga limodzi.

Tiyikepo ndi ichi, chimene nthawi zambiri chimalumphidwa: usilikali weniweniwo umaphunzitsa zina mwa zizolowezizi. Mpaka 1975 ndudu zinkaikidwa m'phukusi la chakudya cha msilikali wa America, limodzi ndi nyama ya m'chitini. Zipatala za VA zinadzaletseratu kusuta pamalo ake onse mu 2019, patapita zaka 44. Usilikali umaphunzitsanso kupirira ululu mwakachetechete ndi kusaonetsa kufooka pamaso pa anzako. Makhalidwe amenewa amasunga moyo ku nkhondo, koma m'chipinda cha dotolo amasanduka mbewa ya manyazi ija inafera kudzenje.

Tsopano za kafukufuku. Wina angafunse, ndipo n'funso labwino, kuti munthu wofuna kuchiza zidakwa amuvutitsiranji ndi masamu ndi kulemba mapepala? Yankho langa lili m'nkhani ya mankhwala otchedwa naltrexone. Mu 1992 Joseph Volpicelli ndi Charles O'Brien, atayesa mankhwalawa pa asilikali opuma 70 a pa chipatala cha VA ku Philadelphia, anaonetsa kuti amachepetsa chibaba cha mowa ndi kubwerera ku uchidakwa. Kafukufuku wina wa ku yunivesite ya Yale anapeza zofanana, ndipo mu 1994 boma linavomereza naltrexone kukhala mankhwala a uchidakwa. Koma mu 2001 VA yomweyo inatulutsa zotsatira za kafukufuku wamkulu, wa asilikali opuma 627 amene anamwa kwa zaka zambiri, ndipo naltrexone sanapose mapiritsi opanda mankhwala. Ataphatikiza zofufuza zambiri pambuyo pake, zinaoneka kuti mankhwalawa amathandiza ndithu, koma pang'ono, ndipo osati aliyense. Akadali m'gulu la oyamba kuperekedwa. Wochiza amene sanaphunzire kuwerenga kafukufuku amagwira chimodzi mwa ziwirizi. Mwina anamva za 1992 zokha, ndiye amalonjeza wodwala zozizwitsa, wodwalayo akagwa n'kudziona ngati wolephera. Mwina anamva za 2001 zokha, ndiye amataya chida chimene chikanathandiza wina. Amene anachitapo kafukufuku ndi manja ake amatha kunena zoona kwa wodwala: tiyese, ena amawathandiza, tionane pakatha mwezi tiwerenge masiku amene mwamwa.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri n'choseketsa ukachimva koyamba. Cocaine ndi methamphetamine alibe mankhwala ovomerezeka owachizira monga ali nawo heroin. Chimene chaonetsa mphamvu kuposa zina ndi mphoto. Wodwala amabwera kawiri pa mlungu kwa milungu 12 kudzapereka mkodzo. Ukapezeka woyera, amapisa dzanja m'mbale yakuya momwe muli timapepala 500. Theka la timapepalato tangolembedwa mawu omuyamikira, 209 ndi ta dola imodzi, 40 ta madola 20, ndipo kamodzi kokha ndi ka madola 100. Akapitiriza kubweretsa mkodzo woyera, mwayi wopisa umachuluka ulendo uliwonse, koma ukapezeka ndi mankhwala amayambiranso pansi. Palibe kumukalipira, palibe ulaliki. Njirayi anaikonza ndi katswiri wa za maganizo Nancy Petry wa ku University of Connecticut, ndipo mu 2011 VA inayamba kuifalitsa m'zipatala zake, mphoto zake zili makuponi ogulira zinthu m'makantini a pachipatala pomwepo. Atawerengera odwala oposa 2,000 oyambirira, mkodzo woposa 90 mwa 100 unali woyera.

Ndikudziwa zimene ambiri a ife tinganene: kulipira munthu kuti asiye zoipa zimene anaziyamba yekha? Nanga amene sanayambe n'komwe mum'patsa chiyani? Inenso zinandiwawa m'khutu poyamba. Koma taganizani mmene chizolowezi chimagwirira ubongo. Mankhwala amalipira pompopompo, pamene phindu la kusiya, monga banja kubwerera, ntchito kupezeka, chiwindi kuchira, limabwera patapita miyezi kapena zaka. Kapepala ka dola imodzi kamabweretsa kachidutswa ka phindulo lero, pa nthawi imene munthu sangathe kuona patali. Ndalama zake zonse sizifika pa mtengo wa usiku umodzi wogonekedwa m'chipatala cha ku America. Zipatala zambiri za kunja kwa VA zinachedwa nayo njirayi kwa zaka, mbali ina chifukwa cha malamulo oletsa kupatsa odwala mphatso, mbali ina chifukwa cha kunyansidwa komweku. VA inatsogola chifukwa munali anthu okhoza kuwerenga umboni n'kuukhulupirira kuposa kunyansidwa kwawo. Ndipo kuti mbale ija iyende pamafunika woyeza mkodzo, wopereka uphungu, wa kantini, ndi wosunga ndalama wovomera kulemba m'buku lake zinthu zachilendo ngati zimenezi.

Otsutsa maphunzirowa ali ndi mfundo, ndipo sindizipeputsa. Ophunzira ake ndi ochepa kwambiri, mmodzi kapena awiri pa chipatala, m'zipatala zowerengeka, pamene ofuna thandizo ndi mazana a zikwi. Kwa zaka ziwiri munthu wodziwa kale ntchito amachotsedwa pa mzere wa odwala nthawi yambiri, pamene msilikali wopuma wa kumidzi ya Montana akuyenda maola angapo kuti aonane ndi aliyense. Ndipo tisanamizane, kwa ena kafukufuku ndi makwerero othawira odwala. Chidakwa chonunkha, chonama, chobwera kachisanu ndi vuto lomwelo n'chotopetsa, pamene pepala lofalitsidwa limabweretsa ulemu ndi ulendo wa ku msonkhano. Maphunziro amene atulutsa olemba mapepala okhaokha, osabwereranso ku wodi, alephera, ngakhale mapepalawo atachuluka bwanji. Muyeso wake woyenera ndi kufunsa kuti patapita zaka zisanu, omaliza aja ali kuti, ndipo ndi angati amene akuphunzitsa anamwino ndi madotolo wamba.

Pa za kuchepa kwawo, yankho lili m'zimene zinachitika ndi buprenorphine. Kuyambira pamene anavomerezedwa mu 2002, dotolo ankafunika chilolezo chapadera kuti awalembere munthu, ndipo ambiri ankati chilolezocho ndicho chikutsekereza odwala. Kumapeto kwa 2022 lamulo linachichotsa. Olemba mankhwalawa anachulukirako, koma chiwerengero cha odwala owalandira sichinakwere monga ankayembekezera. Chotchinga chachikulu chinali m'mitima ya ochiza: mantha, kusadziwa poyambira, ndi kusafuna odwala amtunduwu pakhomo pawo. Lamulo silichotsa zimenezo. Amazichotsa ndi mnzako wodziwa amene ungamuimbire foni wodwala ali patsogolo pako, n'kumufunsa kuti ndiyambe ndi mlingo wanji. Katswiri mmodzi wotere amalimbitsa mtima ochiza makumi angapo amene sadzapita ku maphunziro a zaka ziwiri.

Mfundo imene imandikhutiritsa kwambiri, komabe, ndi ya zimene zinachitika VA itayamba kukonza zolakwa zake. Mu 2013 inayambitsa ndondomeko yochepetsa mankhwala opha ululu a gulu la morphine, ndipo nkhani ya Tomah itaphulika changu chinawonjezeka. Mu 2014 inayamba kugawira odwala ndi mabanja awo naloxone, mankhwala odzutsa munthu amene wapyola muyeso, ndipo a ku famase anatumidwa kukakhala pansi ndi madotolo mmodzimmodzi kukambirana za kalembedwe kawo. Pa zaka zosakwana khumi, chiwerengero cha olandira mankhwalawa chinatsika ndi kuposa theka. Aliyense anaomba m'manja. Kenako mu 2020 ofufuza a VA yomweyo, ataunika mbiri ya odwala oposa miliyoni imodzi, anatulutsa nkhani yosakoma: amene anasiyitsidwa mankhwalawa anali pa chiopsezo chachikulu chofa ndi kupyola muyeso kapena kudzipha, makamaka m'miyezi yoyambirira, ndipo chiopsezocho chinkakula malinga ndi kutalika kwa nthawi imene munthu anakhala akumwa. Kafukufuku wotere satsimikiza kuti kusiyitsako ndiko kunapha aliyense wa iwo, koma chenjezo lake linali lomveka. Munthu amene wamwa mankhwalawa zaka khumi sungangomudula ngati ukutseka mpopi. Ululu umabwerera, thupi limapanduka, ndipo ena amakafuna mpumulo kumsewu komwe kuli fentanyl. Pakati pa asilikali opuma, omwe oposa 6,000 amadzipha chaka chilichonse, imeneyi si nkhani yaing'ono. Chipatala chopanda anthu ake owerenga chikanangopitiriza kuomba m'manja.

Nanga ife zikutikhudza pati? Sindikunena kuti timange VA. Ndalama zake pa chaka zimaposa kutalitali bajeti ya dziko lathu lonse, ndipo mavuto athu si fentanyl, ndi mowa ndi chamba. Koma asilikali obwera ku nkhondo tili nawo. Chipilala cha King's African Rifles chili ku Zomba chimakumbutsa za agogo athu amene anamenya nkhondo za atsamunda. Mu 2013 asilikali a Malawi anayamba kumenya nkhondo yeniyeni kum'mawa kwa DRC, m'gulu la United Nations limodzi ndi a Tanzania ndi South Africa. Mu November 2018 asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni, mmodzi wa iwo Chancy Chitete, amene anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania ndipo United Nations inam'patsa mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima mu 2019. Mu January 2025 ena atatu, a m'gulu la SADC, anafera kufupi ndi Goma. Omwalira timawalandira ndi mbendera pabwalo la ndege. Amene anali pambali pawo pamene ankagwa amatsika ndege ndi zikwama zawo n'kupita kunyumba, ndipo akayamba kugonera ku bala timati ndalama za ku Congo zawazunguza mutu.

Chimene tingatengeko sichifuna madola ambiri. Akatswiri athu a matenda a maganizo ndi owerengeka, ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi malo ena ochepa, ndipo ntchito yaikulu ili m'manja mwa ma clinical officer, anamwino, alangizi a zaumoyo ndi abusa. Kuchepa komweko n'chifukwa chokwanira chowaphunzitsira limodzi, m'malo mwa uyu semina yake, uyo semina yake. Tili ndi chizolowezi chothana ndi mowa ndi lamulo lokha. Mu 2015 boma linaletsa mowa wa m'masacheti, ndipo mowa womwewo unabwerera m'timabotolo tapulasitiki. Amene anali atakodwa kale lamulolo silinawafunse kuti akumva bwanji.

Pali kachida kena kotchedwa AUDIT-C, mafunso atatu otengedwa pa mafunso khumi a World Health Organization, amene ofufuza a VA ku Seattle anawayesa mu 1998 n'kupeza kuti okhawo akukwanira kuzindikira womwa mowononga. Masiku ano wodwala wa VA amafunsidwa mafunsowa chaka ndi chaka, kaya wabwera ndi bondo kaya ndi shuga, ndipo poti amafunsidwa aliyense, palibe amene amaona ngati akumuloza chala. Mumamwa kangati? Tsiku limene mwamwa, mumamwa miyeso ingati? Ndi kangati pamene mumafika miyeso isanu ndi umodzi nthawi imodzi? Namwino wa ku Cobbe Barracks kapena ku Kamuzu Barracks angathe kuwafunsa mphindi imodzi isanathe. Vuto lili pa funso lachiwiri ndi lachitatu. Ku America muyeso umodzi ndi magalamu 14 a mowa weniweni, pamene World Health Organization imawerengera magalamu 10, ndipo onsewa akuganiza za botolo lolembedwa mphamvu yake pa chikopa. Msilikali wathu akayankha kuti dzulo tinagawana velemoti ya kachasu anthu atatu, kenako ndinawonjezera mapaketi awiri a Chibuku, namwino alemba nambala yanji? Kachasu wa mayi uyu ndi wa mayi uyo safanana ukali, ndipo wa mutu safanana ndi wotsiriza kutcheza. Kuti funsolo likhale ndi tanthauzo kuno, pafunika wa ku labu woyeza mabotolo a m'midzi ingapo, namwino wodziwa mmene anthu amatchulira miyeso yawo, ndi msilikali wopuma woti awauze ngati anyamata angayankhe zoona pamene wofunsayo wavala nyota zoposa zawo.